Ng'ombe Yogula ndi Kwacha

Joni, 9 Março 2025

Amake Rita,

Moni wanga akupezeni muli pakhomo, inu, adzukulu, ndi mwana wathu Rita amene akukuwerengerani kalatayi. Msana uja ukuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, chifuwa cha m'njira chija chinatha. Ndinabwerera pantchito yanga yakale, payadi ya zitsulo zakutha, kusankha mkuwa pawokha, aluminiyo payekha, chitsulo wamba pachokha. Patarau, mwini yadiyo, atandiona pachipata anangoti, "Madala, sunafe?" Ndinati sindinafe, ndili ndi ng'ombe yoti ndigule.

Amene wagwira cholembera ndi dona Edite, mayi wa ku Tete amene amatiphikira chakudya pachipata cha yadi. Ine ndikulankhula, iye akulemba. Za ndalama sindinena pa foni, chifukwa kuti mundimve mpaka mukwere phiri lija ndi foni ya eni ake, ndiye mudzi wonse ukhala wamva. Kalata izibwera ndi Silvano, mwini lole amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno mpaka ku Malowera.

Ndibwereze pangano lija kuti Rita alimve bwino, poti sanalipo. Ng'ombe yathu Sitima anatifera mu Dezembro, mnzake Kapitao watsala yekha, ndipo ng'ombe imodzi siikoka pulawo. Sindifuna kudzakuonaninso mukulima munda wa kumtsinje uja ndi khasu. Akumpadre Belarmino, amene anamuimira Rita paubatizo, anavomera kutigulitsa mtheno wawo Mawanga. Iwo anatchula mametikali 30,000. Ine ndinati ayi, tchulani mu kwacha ya ku Zambia. Anati 13,000, imene tsiku limenelo inali yofanana ndendende. Tinapereka mbuzi zitatu za chikole, anaziwerengera 2,000. Zatsala kwacha 11,000, zoti zithe lisanadutse tsiku la Oyera Onse, pa 1 Novembro. Tikalephera, mbuzi zapita, ndipo Mawanga akwera lole ya ophera nyama a ku Tete. Akatekista ndiwo anali mboni.

Tsiku lija munandiponda phazi pansi pa benchi, m'njira osandilankhula. Tsono mverani chifukwa chake. Paja tili ku Zambia nthawi ya nkhondo, mukukumbuka tonde wamkulu uja ndinagulitsa Rita asanabadwe? Ndalama zake ndinazikulunga m'pepala la shuga, ndikuti ndidzagule njinga. Mvula itatha ndinapita nazo kusitolo. Mwini sitolo anaziwerenga, anandiyang'ana, anaziwerenganso. Ndinabwerako ndi tayala limodzi ndi pampu. Kwacha ndinaidziwira pamenepo. Imasungunuka ngati mchere wa m'dzinja. Zaka zonse tinakhala kumeneko sindinaione itakwera ndi tsiku limodzi lomwe. Choncho munthu wa ngongole ya kwacha, ngongoleyo imaonda yokha iye ali gone.

Dona Edite akuti ndilembe kuti iye sakuvomereza. Akuti, "Titiyo, kwacha ya nthawi ya nkhondo inafa kalekale, iyi ndi mdzukulu wake." Ndamuuza kuti alembe zimene ndanena, maganizo ake akathire m'nyemba.

Ndatumiza randi 1,100. Silvano akupatsani mametikali 3,630. Muwerenge iye ali pomwepo. Muziike m'chitini, musazisinthe, ndipo akumpadre musawapatse kalikonse panopa. Tidikire kwacha igwe, tidzagule yotchipa. Zotsala ndidzakugulirani malata a pakhitchini.

Ndine amuna anu,
Baltazar


Joni, 13 Abril 2025

Amake Rita,

Ndakupatsani moni pa Lamulungu la kanjedza. Kalata yanu Silvano anandipatsa, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo. Mwana wa Rita amene akutsokomolayo mupite naye kuchipatala, musadikire. Ine ndili bwino, koma kuno mphepo yayamba kuluma m'mawa.

Mwati akumpadre anabwera kudzacheza, ndipo anati ngati kulipo kanthu muzipereka pang'onopang'ono, iwo azichotsera. Ndamva. Koma mudziwe kuti ana awo awiri ali pasukulu ku Petauke, kwacha akuifuna lero lomwe. Ndi zawo zimenezo. Ife tinapangana za Novembro. Mukawaona muwapatse moni wanga, muwakhazike pampando, muwathirire maheu, koma chitini chisatseguke.

Mwafunsanso kuti bwanji ndalama zimachepa m'njira. Ndikuuzeni mmene ine ndikuzionera. Ndalama zili ngati ziwiya zoyezera chimanga pamsika. Randi ndi ndowa yake, metikali ndi mbale yake, kwacha ndi chitini chake. Ukamakhuthula kuchoka mu ichi kupita mu icho, wokhuthulayo amagwetsera dala maso angapo pamphasa pake, ndiye malipiro ake amenewo. Mtengo wosinthira umenewu ndi umene Rita amati kambiyo. Ife timakhuthula kawiri: randi kukhala metikali kwa Silvano, metikali kukhala kwacha kumsika wa kumalire. Osintha awiri, mphasa ziwiri.

Dona Edite anandionetsa pa foni kuti kubanki randi 100 ndi mametikali 350. Silvano amandipatsa 330. Ndinamupeza akumanga katundu, ndinati, "Mwana iwe, makumi awiri enawo akugwera kuti?" Osatembenuka n'komwe, anati, "Madala, itumeni bankiyo ikafike ku Malowera ndi matope aja. Ikakatitimira pa mlatho muja musandiitane." Anzake anaseka. Msewu uja inenso ndikuudziwa.

Musaganize kuti kuno ndikudya bwino n'kumatumiza zotsala. Chipinda chimadya 700 ngakhale tikugona anthu atatu. Palinso karimbo, chidindo cha papasaporte. Pasaporte yanga imandilola mwezi umodzi wokha, ndiye mwezi ukamatha ndimaipereka kwa oyendetsa mabasi ndi randi 300 kuti akaidinditse kumalire. Ndikapanda kutero ndiye kuti ndine munthu wozemba. Zina za kuno ndidzakuuzani pakamwa.

Ndatumizanso 1,100. Mtedza mukumbe nthaka isanaume, ndipo wa mbewu muusankhe woyamba, musayambe ndi wogulitsa. Kapitao muzimuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Sitima zinamuyamba choncho.

Ndine amuna anu,
Baltazar


Joni, 8 Junho 2025

Amake Rita,

Moni nonse pakhomo. Ndikhulupirira chimanga chalowa m'nkhokwe. Ine ndili moyo. Kuzizira kwa kuno chaka chino kwanyanya, chitsulo ukachigwira m'mawa chimakakamira kudzanja.

Mwadandaula kuti mwezi watha munalandira za randi 600 zokha popanda kalata. Yadi inatsekedwa masiku angapo. Kunabwera alendo a yunifomu kudzaona mapepala. Ine anga anali bwino. Mnzanga mmodzi wa m'chipinda mwathu bulangete lake likadali pomwe analisiya, ndiye lendi tikugawana awiri. Tisiye pomwepo. Mwezi uno ndatumiza 1,100 yathunthu.

Tsono za kwacha. Mwati Rita anapita kumsika wa kumalire kukagula sopo, ndipo anapeza kuti kwacha 100 akuigulitsa mametikali 265, pamene mu Janeiro inali 230. Mwati tisinthe zomwe zilipo zisanakwerenso. Ndawamva mawu anu aja akuti, "Kapitao sadziwa kambiyo, amadziwa goli." Dona Edite anawawerenga kawiri mokweza, kachiwiri ndisanamupemphe.

Koma amake Rita, ganizani. Ino ndi nthawi yokolola. Anthu ali ndi ndalama m'manja, aliyense akuthamangira tsidya lija kukagula feteleza, mafuta ophikira, zitenje. Osintha aja akaona mzere amakweza. Ndi malonda amenewo. Dikirani dzuwa la Agosto litenthe, anthu ndalama ziwathere, mudzaona anyamata omwewo akukuthamangirani ndi kwacha m'manja. Ine ndinakhala nayo ndalama imeneyi, ndinaidya, inandidya. Siinasinthe mtima lero.

Mwatinso anthu a ku Tete anafika kwa akumpadre, anamuzungulira Mawanga, anamugwira pamsana. Agwire. Kugwira si kugula. Akatekista akadali moyo, ndipo Novembro ali kutali.

Chitini chija musachiike pamalo amodzi masiku onse. Adzukulu asadziwe. Denga la khola la Kapitao mupemphe amuna a Rita alikonze udzu usanapse m'dambo.

Ndine amuna anu,
Baltazar


Joni, 20 Julho 2025

Amake Rita,

Moni wanga kwa inu nonse. Ndili bwino, kupatula mwendo umene chitsulo chinandicheka pang'ono. Si nkhani.

Kalata iyi muimve bwino, Rita aiwerenge pang'onopang'ono.

Payadi pano pamabwera mmisiri wowotcherera zitsulo, wa ku Petauke, munthu wamkulu ndithu, wa imvi ngati ine. Lachitatu tinakhala pa benchi ya dona Edite tikudya. Ndinaona munthu akutafuna ngati chakudya chili ndi mchenga. Ndinati, "Achimwene, kwagwanji kumudzi?" Anati, "Kumudzi kulibe maliro, maliro ali m'thumba mwanga. Mu Malichi ndikatumiza randi 100, akazi anga amalandira kwacha 155. Lero akulandira 130. Akuti ndapeza mkazi wina kuno." Ndinati zidzatsika, ndi zokolola izi. Anandiyang'ana, anati, "Zokolola ziti? Izi si za pamsika wa kwanu, mdala. Zikuchokera ku Lusaka, ku mabanki, dziko lonse. Inu kwacha yanu munaisiya chaka chanji?" Nditamuuza chaka, anaseka mpaka kutsamwa. Dona Edite sanaseke. Anangondiwonjezera nyemba osandilipiritsa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kuja.

Ndiye mverani. Tengani chitini chonse, pamodzi ndi za mwezi uno. Zikwana mametikali 16,500. Mupite ndi Rita kumsika wa kumalire tsiku loyamba la msika, musinthe zonse. Musaime kwa wosintha woyamba. Mufunse atatu kapena anayi, muchoke ngati mukupita, adzakuitanani. Mapepala a kwacha muwaone padzuwa limodzi limodzi. Ngati ali pa 285 monga mwanenera, mulandira kwacha 5,800 kapena kuchepera pang'ono. Tsiku lomwelo mukapereke kwa akumpadre, akatekista alipo.

Dona Edite wandiwerengera kuti zija za Março ndi Abril, mukanasintha zitangofika, zikanabala kwacha zoposa 3,000. Lero zibala 2,500 ndi kanthu. Mbuzi yathunthu yathera m'chitini chotseka. Munanena, amake Rita. Ndalemba kuti munanena, musadzandikumbutsenso pamaso pa anthu.

Zitsala kwacha 5,200, ndipo ine ndatsala ndi malipiro atatu. Pa mtengo wa lero sizikwana. Choncho mugwire tambala wofiira uja, mupite naye kwa akumpadre madzulo anthu atachepa. Muwauze kuti abambo ake a Rita akupempha kuti tibwerere ku mtengo woyamba uja wa mametikali 30,000. Muwakumbutse kuti tinawoloka limodzi pothawa, tinabwerera limodzi. Mulankhule ndinu, pakamwa panu pamaposa panga.

Malata a pakhitchini aja tiyambe tawaiwala.

Ndine amuna anu,
Baltazar


Joni, 31 Agosto 2025

Amake Rita,

Moni kwa inu, kwa Rita ndi amuna ake, ndi adzukulu onse. Ndamva kuti msana wayambiranso. Madzi azitunga ana. Ine ndikuyenda. Mwendo uja unatupa, ndinapita kukiliniki, koma pachipata panaima anthu ena osavala za chipatala amene amafunsa munthu kumene anabadwira. Ndinabwerera. Dona Edite akunditsuka ndi madzi a mchere, ndipo bala layamba kuuma m'mbali.

Yankho la akumpadre ndalimva. Tambala analandira, pempho anakana. Mwati anati, "Kwacha anasankha okha akumpadre, pamaso pa akatekista, akumwetulira. Ikanagwa, akanabwera ndi tambala kudzandiwonjezera?" Poyamba ndinapsa mtima, ndinamuuza dona Edite kuti alembe mawu ena amene wakana kulemba. Kenako ndinakhala nawo mawuwo masiku angapo ndikusankha zitsulo. Akunena zoona. Sindikanapita. Musawakwiyire, ndipo kutchalitchi muzikhala nawo benchi imodzi monga kale.

Tsono ndaganiza china. Randi yanga ikamabwera kwanuko imadutsa pa mphasa ziwiri, ndipo ikafika imapeza kwacha yakwera. Koma katundu sadziwa zimenezo. Katundu kwacha ikakwera amagulidwabe ndi kwacha.

Payadi pano panabwera galimoto yakale yophwanyika kutsogolo. Kumbuyo kwake kuli bwinobwino: chitsulo chachikulu chogwira mawilo awiri, mawilo ake, ndi matayala amene akadali ndi mano. N'chimene amapangira ngolo za ng'ombe. Kuno ndi zinyalala zogulitsa pa sikelo. Kwathu, mukudziwa nokha, munthu amayenda mpaka ku Katete kukachifuna osachipeza. Ndinapita kwa patarau. Anati, "Madala, ukufuna kumanga galimoto?" Ndinati eya, ya mahatchi awiri a nyanga. Anaseka, anati 900. Ndinati pa sikelo sichifika 500. Tinagwirizana 700. Mmisiri wa ku Petauke uja anachiyang'ana, anazunguza mawilo, anamvetsera ndi khutu, anati tsidya lija chingagulidwe kwacha 3,000 kapena kuposa. Silvano akufuna 400 yonyamulira.

Ndiye mwezi uno mulibe ndalama m'kalatamu. Musaifunefune. Zonse zalowa m'chitsulo, ndipo chikubwera ndi ulendo womwe uno. Chikafika musachisiye padzuwa, matayala angang'ambike. Amuna a Rita achipake girisi ndi kupopa matayala, chioneke cha moyo. Mtengo muyambire 4,000 kuti potsika mukaime pabwino. Musalandire metikali. Kwacha yokha.

Mukafuna za mchere ndi chigayo, gulitsani thumba limodzi la mtedza, osati wa mbewu.

Dona Edite akuti aka ndi koyamba kulemba mawu anga osapukusa mutu.

Ndine amuna anu,
Baltazar


Joni, 12 Outubro 2025

Amake Rita,

Moni. Ndili moyo, ndipo ndikupemphera kuti nanunso muli choncho. Ndilemba mwachidule chifukwa Silvano akunyamuka mawa.

Chitsulo chija sichinasowe, ndipo Silvano sanachigulitse monga anthu akukuuzirani. Anachitsitsa pamalire polowa m'dziko lathu. A alufandega, aja olipiritsa msonkho wa katundu, anati ndi zipangizo za galimoto, zilipiridwe mametikali 2,500. Iye analibe, anachisiya m'nyumba yawo yosungira katundu. Ulendo wa Setembro anandibisira, akuti amaopa kuti ndikomoka. Ndamuuza kuti munthu amene anaika ana awiri m'manda kothawira nkhondo sakomoka ndi chitsulo. Wandionetsa pepala lake, dona Edite waliwerenga, n'loona.

Za Setembro zija munadabwa kuti zinali 1,400 m'malo mwa 1,100. Mwachita bwino kusintha tsiku lomwelo ndi kupereka. Mwezi unonso ndi 1,400. Pa izi, 750 ndamupatsa Silvano kuti akaombole chitsulo. Zotsala akupatsani mametikali 2,145, musinthe msanga, zibala kwacha 750. Mukapereka zimenezo, ngongole itsala 2,800. Imeneyo ili pa chitsulo basi, kwina kulibe.

Rita wafunsa kuti 300 yowonjezerayo ikuchokera kuti. Rita anapita kusukulu, awerengere yekha. Pasaporte ili m'thumba mwanga muno, siinapite kumalire chiyambire Agosto. Ndimachoka kuchipinda kupita kuyadi, kuchoka kuyadi kubwerera kuchipinda, njira ya kuseri kwa njanji. Kutchalitchi ndayamba ndaleka. Mulungu akudziwa kumene ndili.

Silvano akuti ali ndi katundu wotsitsa ku Tete ndi ku Fingoé, afika ku Malowera cha pa 28 kapena 29, mvula ikapanda kumutsekera njira. Ndamugwira dzanja, ndamuuza kuti akafika pa 2 Novembro asadzabwerenso pamaso panga. Anati, "Madala, mukundiopseza ndi mwendo umodzi?" Koma waona nkhope yanga.

Likafika tsiku chitsulo chisanagulidwe, musalire pakhomo pa akumpadre. Mukaime pakhola pawo ndi akatekista mpaka dzuwa lilowe, chifukwa tsiku la Oyera Onse limatha ndi kulowa kwa dzuwa, osati ndi kubwera kwa lole ya ku Tete.

Ndine amuna anu,
Baltazar


Joni, 9 Novembro 2025

Amake Rita,

Moni wanga akupezeni, inu, Rita, adzukulu, Kapitao ndi Mawanga. Ine ndili bwino. Mwendo watsala chipsera.

Rita anaimba pa foni ya dona Edite ali paphiri, akukuwa ngati kwabadwa mwana. Mawu ankaduka, ndinangomva kuti "ali m'khola, ali m'khola." Zonse bwinobwino wandifotokozera Silvano dzulo, ndipo ndamuuza kuti abwereze katatu. Ndikufuna ndizinene pano kuti muone ngati sanawonjezere.

Akuti anafika ku Malowera pa 30, lole ili matope mpaka m'zitseko. Akuti inu munabwera ndi Kapitao ndi chingwe, munamangirira chitsulo kumbuyo kwake, mawilo akugudubuzika, ana a sukulu akuthamangira pambuyo. Njira ya kumsika wa kumalire ilipo yachidule, koma inu munadzera pakhomo pa akumpadre, pang'onopang'ono, pamene lole ya ophera nyama inali itaima kale pansi pa mtengo wa mango. Akumpadre anatuluka, anazungulira chitsulo, anaponda tayala, anati, "Akumadre, ichi chikupita kuti?" Inu munati, "Kwa anthu odziwa ngolo, tsidya lija." Anati, "Chisiyeni pano, ngongole ya 2,800 ithe." Inu osaima, munangoti, "Kapitao, tiye." Anakutsatirani mpaka pachitsime, mtengo ukukwera ndi mapazi awo, mpaka munagwirizana 3,200. Ngongole inatha, ndipo anatulutsa okha kwacha 400 m'thumba kukupatsani, akatekista akuona. Silvano akuti a ku Tete aja anayatsa lole osatsanzika.

Amake Rita, zaka zonsezi ndakhala ndikukulemberani mmene mungagulitsire zinthu. Dona Edite akuti kuyambira lero makalata a malangizo azichokera kwanu kubwera kuno. Ndamuuza kuti sipadzafunika.

Sipadzafunika chifukwa ndikubwera, ndipo sindidzabwereranso kuno. Pasaporte ija inapitirira masiku ake. Akuti potuluka pamalire adzaidinda chidindo choletsa kulowanso kwa zaka zingapo. Adinde. Pa msinkhu wanga zaka zingapo ndi zokwanira. Ndinabwera kudzafuna ng'ombe, ng'ombe ili m'khola.

Koma chinthu chimodzi chikundiwawa. Tili ndi ng'ombe ziwiri tsopano, ngolo ili kwa akumpadre. Chaka chamawa tizikawabwereka kuti titute chimanga chathu, pa chitsulo changa chomwe. Ndiye Lachisanu ndinapita kwa patarau. Kuseri kwa mulu wa mafiriji kuli galimoto ina yofanana ndi ija, ndakhala ndikuiyang'ana chiyambire Setembro. Ndinamuuza kuti ndikupita kwathu, ndipo malipiro anga omaliza asandipatse randi, andipatse chitsulo. Anati, "Madala, anthu onse amafuna ndalama." Ndinati ndalama ndaziyesa zamitundu itatu chaka chino. Anaitana anyamata kuti achimasule.

Bedi ndi chitofu ndagulitsa, za alufandega ndazipatula kale, ndipo ulendo uno ndidzalipira ndekha ndi dzanja langa. Tinyamuka Lamulungu likubwerali. Silvano akuti kutsogolo kwadzaza, ndidzakhala kumbuyo pamwamba pa katundu. Ndi bwino. Ndidzakhala pa chitsulocho, wofuna kuchitsitsa adzayambe watsitsa ine.

Kwacha 400 zija ndi zanu, sindikuuzani chochita nazo. Mawanga mumumange pafupi ndi Kapitao kuti azolowerane fungo, koma asadyere m'chodyera chimodzi, angabayane. Mvula ikagwa ndisanafike musandidikire. Amuna a Rita amange goli, Kapitao kumanja chifukwa ndiye adziwa mzere, ndipo muyambire munda wa kumtsinje. Inu mukakhale pamthunzi, muziwauza pokhota.

Ndine amuna anu,
Baltazar